Galimoto Yodziitanira Mboni

Botolo lachitatu likalowa, mbava iliyonse imasanduka katswiri. Kapitawo, mtsogoleri wa gululi, anajambula pulani yake patebulo la m'bala ndi chala chonyowa mowa. Pagalaja ya wamawaya, wokonza magetsi a galimoto, panali galimoto yonyezimira yomwe inali itagona pamenepo masabata atatu. Masana aliwonse wamawayayo amapita kukadya, makiyi atawasiya momwemo. Wogula anali atapezeka kale, ndipo anati ifike mawa dzuwa lisanalowe, apo ayi aiwale.

"Izi n'zotola, amwene," anatero Kapitawo. "Tilowa, tiliza, tapita."

Injiniya, yemwe ukatswiri wake wonse unali woti anasinthapo babu kwa apongozi ake, anavomera. Chigayo, chimunthu chodzaza khomo, anangofunsa ngati kukakhale chakudya. Panalibe amene anadzifunsa chomwe galimoto yabwinobwino ingagonere pagalaja masabata atatu. Ine ulesi wa mutu wotere umandinyansa kuposa kubako.

Galimotoyo inali ndi shoti ya magetsi yobisala. Kwa mwini wake fyuzi imapsa tsiku ndi tsiku, koma galimotoyo ikafika pagalaja matenda amathawa. Atatopa ndi kusinthasintha mafyuzi, wamawaya anazula yopsayo n'kulumikizapo hutala yakale ya lole, kuti waya wosupukayo akangokhudza chitsulo, phokoso limuuze.

Mawa lake masana Kapitawo anakhala pachiwongolero, Injiniya pambali pake, injini n'kulira mosavuta. Chigayo anatsegula geti n'kudziponya pampando wakumbuyo.

Poooo!

Msewu wonse unacheuka. Kapitawo anathamangitsa galimoto mpaka pamphambano ya kumsika, n'kuimika. Chigayo atatsika kuti aone, kunati zii. Atakwera, poooo. Anabwereza katatu konse, mitu itatuyo osatolapo kanthu.

Injiniya ananena kuti imeneyo ndi alamu yamakono, amusiyire iye. Anatsegula bokosi la mafyuzi n'kuyamba kuzula ngati akusosola nkhuku. Wayilesi inazima, mafani anaima, kenako anazula ya pampu ya mafuta, injini n'kutsokomola kawiri n'kufa. Mawaya awiri opita kuhutala okha ndi amene anawasiya, ati angamugwire magetsi.

Pofika apo anthu a mumsika anali atawazungulira. Kapitawo anayesa kuwauza kuti akungoiyesa galimotoyo, koma mawu ake samamveka ndi hutala. Wamawaya, munthu woonda ngati msomali, anafika ali wefuwefu, asanasambe m'manja. Anthu atamukokera Chigayo panja, phokoso linatha nthawi yomweyo.

Wamawaya anaima chilili. "Tam'bwezerani."

Anam'kankhira m'kati. Poooo. Atam'tulutsanso, wamawaya anatukula mpando wakumbuyo, ndipo waya uja anali pomwepo, wosupuka, atapanikizika ndi chitsulo cha mpando. Masabata atatu onsewo iye amakhalapo pampandopo, koma thupi lake silimakwana kuutsitsa.

Apolisi atafika n'kuwamanga onse atatu, wamawaya anawagwira mwendo.

"Bwana, awiriwa tengani. Wonenepayu mundibwereke kaye pang'ono, ndimate tepi, ndiyese ngati zatheka."

Anamata. Chigayo anakhalanso pampando paja, unyolo uli m'manja, ndipo hutala inati zii. Msika wonse unamuwombera m'manja wamawaya.