Chisankho cha dzina limodzi ku Foleshill

Mpaka lero ndikaona bokosi la nsapato ndimayang'ana kumbali, chifukwa bokosi lotere linatsala pang'ono kundibweza ku Dedza.

Ndinali nditangotha miyezi itatu ndikugwira ntchito panyumba ina yosamalira okalamba ku Foleshill, kuno kutsidya la nyanja, viza yanga itapachikika pa ntchito yomweyo. Amanejala anandiuza kuti ndiyendetse chisankho cha wapampando wa komiti ya okalambawo. Anadzipereka anali mmodzi yekha, Mayi Doreen. Wanzeru akanangolengeza kuti adutsa popanda wopikisana nawo. Ine ayi (kujijirika ndi matenda anga akalekale). Ndinasindikiza mapepala a dzina limodzi, ndinamata chithunzi chachikulu cha mayiwo pakhoma, n'kuima pambali pa bokosi la nsapato loponyamo mavoti nditavala yunifolomu. Wina akaponya voti, ine nthungululu. Amene sanabwere ndinawatsatira m'zipinda, mndandanda kumanja.

Chipinda chomaliza chinali cha Bambo Emilio, omwe anathawa pachilumba china cha ku Caribbean ali mnyamata. Ndinawapatsa pepala lija. Anachonga, n'kundionetsa.

"Taonani, ndavota bwino. Mulembe kuti ndavota bwino."

Tsiku limenelo anakana chakudya. Analongedza zovala zawo n'kukhala pafupi ndi chitseko.

M'mawa mwake ndinaitanidwa ku ofesi, komwe ndinapeza bambowo ndi mwana wawo wamkazi. Mwanayo anafotokoza kuti kwawoko chipani chinali chimodzi, papepala dzina limodzi, pambali pa bokosi msilikali. Achimwene awo a bambowo sanakavote, ndipo asilikali atadzawatenga sanaonekenso. Manyazi anandigwira, mantha osanena. Ndege ya ku Lilongwe ndinkachita kuiona. Ndinagwada monga kwathu, n'kupepesa.

Bambo Emilio anandifunsa: "Ndiye kuti wina angathe kuima nawo?"

"Aliyense, bambo."

"Lembani dzina langa."

Tinabwereza chisankho, ine nditaima kutali, nthungululu nditameza. Anapeza mavoti awiri (imodzi inali yawo yomwe). Masana onse anakhala akuyang'ana kuchitseko, kenako anandiitana akuseka, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndaluza, mwana wanga, koma palibe wabwera kudzanditenga."

Mtima wanga unakhala pansi, ndipo ntchito ndikadali nayo. Koma kujijirika sikunathe. Kutchalitchi kwathu ku Aston, mlembi atasowa wopikisana naye, ndinakakamiza amuna anga kuti aime poti dzina limodzi n'loopsa. Anapambana. Mlembi ndi iwo, koma zamumsonkhano ndimalemba ndine.