Tsiku Limene Ndinakwecha Injini Ngati Poto

Mpaka lero pa Chezi pali amakaniko amene akandiona ndikuyandikira galimoto yotsegula boneti amasiya zimene akuchita n'kudzaima pakati pa ine ndi injiniyo. Amandipatsa moni mwaulemu ndithu, koma sasuntha mpaka nditadutsa. Sindiwaimba mlandu. Ndinadziputira ndekha, ngakhale kuti theka la mlanduwo ndimalisenzetsabe a Kamwendo.

Zinachitika matipate atangolowa kumene. Ine ndinali ndi kapikapu kakale kamene kanatopa kale pa esiteti ina ya fodya ku Bowe, ndipo ndinkanyamulirako tomato ndi kachewere kupita ku Lilongwe. Ndinkayendetsa ndekha (nthawi imeneyo mzimayi pachiwongolero anthu ankatuluka m'nyumba kudzamuona, ndiye matama ndinali nawo okwanira). Amuna anga ndi aphunzitsi, munthu wofatsa amene ngakhale batire la wailesi amafunsa kawiri asanaliike. Za galimoto zonse zinali zanga.

Lolemba lina ndikukwera chitunda cha kufupi ndi kwathu, kapikapu kanayamba kutulutsa utsi woyera ngati ndikuotcha zinyalala zaziwisi. Lediyeta inabwata, injini n'kuzima. Anthu anandikankhira mpaka pakhomo. Nditasolola kachitsulo koyezera oyilo, oyiloyo anali ngati tiyi wamkaka.

Ndinaitanitsa a Kamwendo. Bamboyu kwawo ndi ku Malomo, ntchito anaphunzirira pa mathirakitala a m'maesiteti, ndipo kunena zoona amaidziwa. Lachiwiri anamasula mabauti, n'kuchotsa hedi, chitsulo chija chimavundikira injini pamwamba. Pansi pake panaoneka buloko, ndi mabowo anayi akuluakulu a mapisitoni ndi timabowo tina tambirimbiri.

"Gasiketi yapsa, mayi," iwo anatero, akundionetsa chinthu chakuda chonga chikopa chouma. "Imeneyi imakhala pakati pa hedi ndi buloko kuti madzi ndi oyilo asakumane. Yatsopano sitingaike pamwamba pa zotsalira zakalezi. Pamenepa payere ngati mbale."

Mawu amenewo muwasunge. Anawanena okha, ine sindinawapemphe.

Anatenga sanza zakuda bii n'kutseka nazo mabowo onse, aakulu ndi aang'ono omwe. Kenako anatulutsa lezala m'thumba la malaya n'kuyamba kupala pang'onopang'ono, ngati akumeta khanda.

Vuto la a Kamwendo linali pakamwa. Zaka zonse zija anthu tinkaopa kulankhula za ndale, iwo ankangosunga m'mimba, ndiye ufulu utabwera anafuna kuzitulutsa zonse sabata imodzi. Akapala kawiri, wina wadutsa pa njinga. "Achimwene, mwamva zimene anena pa wailesi?" Basi lezala pansi, manja m'mwamba. Pofika Lachitatu madzulo anali atayeretsa malo osakwana chikhatho changa.

Pakhonde panga panali madengu khumi ndi awiri a tomato. Tomato sadziwa za demokalase. Lolemba anali wolimba, Lachitatu anali atayamba kufewa, ndipo ntchentche zinali zitauzana kale.

"A Kamwendo, tomatoyu akundionongekera."

"Injini siifuna phuma, mayi. Mukaithamangira imakubwezerani."

Lachinayi m'mawa kunadutsa lole ya chimkuzamawu ikutenga anthu kupita ku msonkhano wa chipani china ku boma. A Kamwendo anaimirira, n'kupukuta m'manja.

"Ndikagule gasiketi yatsopano. Thiransipoti yaulere iyi."

"Ku msonkhano amagulitsa magasiketi?"

"Ndidutsira komweko. Koma musakhudze chilichonse, mayi."

Ndinakhala pakhonde mwina ola limodzi, diso lina pa tomato, lina pa injini. Kenako ndinadzifunsa kuti, kodi ine ndakwecha mapoto angati pamoyo wanga? Mapoto a pamaliro, a paukwati, opserera nyemba mpaka pansi. Ndiye kachitsulo kosalala aka kandikanike chifukwa choti kali m'galimoto?

Ndinavala chitenje chogwirira ntchito n'kukwera pa bampala.

Choyamba ndinazula sanza zija. Zinkandisokoneza, komanso zinali zauve moti kuyeretsa chinthu pali zimenezo kunali kutaya nthawi. (Inde, ndikudziwa. Musandiuze.) Ndinaziviika m'beseni la sopo kuti zizifewa.

Lezala ndinaliyesa, ndinaona kuti ndi chibwana. Ndinakatenga mpeni wa kukhitchini. Umenewo unagwira ntchito, zidutswa za gasiketi zinkangothothoka, zina kugwera pansi, zina m'timabowo muja. Sindinadandaule nazo, ndinati tidzazitsukuluza pomaliza. Koma mpeniwo unasiya mikwingwirima pachitsulo, ndipo pakati pa bowo lachiwiri ndi lachitatu panali chikanga chimene chinakana kuchoka.

Apa m'pamene ndinakatapa mchenga wa kudambo, n'kusakaniza ndi phulusa ndi madzi pang'ono, monga timachitira ndi mapoto. Ndinayamba ndi chitsononkho cha chimanga. Chitsulo chinayamba kuwala. Pa chikanga paja ndinatengera mwala wonolera mipeni, n'kutsamira ndi thupi lonse. Ndinakhula pamenepo mpaka mapewa anawawa.

Amuna anga anabwera kuchokera ku sukulu masana n'kundipeza mutu uli m'boneti, mchenga mpaka m'zigongono. Anaima kaye, mabuku ali m'khwapa.

"Kodi a Kamwendo anati mutero?"

"Anati payere ngati mbale. Mbale pakhomo pano amatsuka ndani, iwo kapena ine?"

Anayang'ana mwala uja, anayang'ana ine, n'kulowa m'nyumba. (Munthu ameneyu akanangolimba mtima tsiku limenelo, bwenzi nkhaniyi kulibe. Nayenso kagawo kake ka mlandu ndinamusungira.)

Pomaliza ndinatsukuluza. Ndowa ziwiri. Madzi anadzaza m'mabowo a mapisitoni, ine n'kumawakapa ndi kapu ya pulasitiki. Amene analowa m'timabowo ting'onoting'ono sanabwerere, ndipo ndinasangalala kuti injiniyi ili ndi ngalande zakezake. Sanza zija ndinazichapa bwinobwino n'kuziyanika pa waya.

Abale anga, buloko ija inawala. Ndinadzionamo nkhope. Mayi wina wodutsa ndi nkhuni anaima n'kunena kuti sanadziwe kuti injini mkati imakhala yoyera choncho.

M'mawa mwake ndinapeza dzimbiri lofiira layala ponseponse. M'malo moima, ndinakwechanso ndi mchenga wina, kenako n'kupaka mafuta ophikira kuti lisabwerere.

A Kamwendo anatulukira cha m'ma teni, atavala kapu yatsopano ya chipani, gasiketi ili m'manja, mawu atasasa ndi kukuwa. Analowa pabwalo akulankhula kale.

"Mayi, mukanamva zimene ananena dzulo, dziko lino..."

Anathera pomwepo. Maso awo anali pa waya. Sanza zawo zinali zikuuluzika ndi mphepo, zoyera kuposa tsiku limene anazing'amba.

Anayenda pang'onopang'ono kupita ku galimoto. Ine ndinaima pambali, manja m'chiuno, ndikudikira kuyamikiridwa. Anasuzumira nthawi yaitali. Analowetsa chala m'kabowo kamodzi, n'kuchitulutsa, n'kufikisa ndi chala chachikulu. Ndinamva ndekha mchenga ukulira.

"Mayi, kabowo aka n'ka oyilo. Kamapita mpaka pansi pa injini."

"Ndinatsukuluza."

"Ndi chiyani?"

"Madzi. Oyera, a pa mjigo."

Anavula kapu ija n'kukhala pa tayala. Chiyambire matipate ndinali ndisanawaonepo a Kamwendo atakhala chete mphindi yathunthu, koma tsiku limenelo anakwanitsa zisanu. Kenako ananunkhiza chala.

"Nanga fungo la mandasili?"



Anapempha rula yachitsulo ya amuna anga, n'kuigoneka chopingasa pa buloko. Anandiitana kuti ndiwerame ndisuzumire. Pakati pa bowo lachiwiri ndi lachitatu, pamene ndinakhetsera thukuta lambiri, kuwala kwa dzuwa kunkadutsa pansi pa rula.

"Mwakumba chigwa, mayi. Gasiketi ikhala bwanji pa chigwa?"

Ndinapsa mtima, chifukwa munthu ukalakwa poyera chimatsala n'chimenecho. Ndinawauza kuti akanakhala pa ntchito m'malo mothamangira malole, bwenzi ine ndisanakwere pa bampala. Iwo anati ananena kuti ndisakhudze chilichonse. Ine ndinati ananenanso za mbale. Amuna anga, amene tsikulo sanapite ku sukulu ndipo anali atatuluka kudzalondola rula yawo, anafunsidwa kuti aweruze, ndipo anati onse awiri tili ndi mfundo.

Injini yonse inayenera kutsika. Tinaimangirira ku nthambi ya mtengo wa mango ndi tcheni, amuna asanu akukoka. A Kamwendo anaimasula chidutswachidutswa, n'kutsuka chilichonse ndi palafini, ndipo mchenga uliwonse umene ankaupeza ankauika pa mbale n'kudzandionetsa. M'beseni la pansi pa injini anapezamo madzi, phulusa ndi kachidutswa ka chitsononkho cha chimanga. Buloko inakwera ngolo mpaka pamsewu, kenako lole mpaka ku Lilongwe kuti akaisalaze pa makina. Ine ndinakhala nayo kumbuyo kwa loleyo, ndipo aliyense wokwera ankafunsa kuti yatani.

Galimoto inadzuka patapita masabata awiri. Tomato sanadikire. Wabwinoko ndinagawira anansi, mudzi wonse unadya tomato m'mawa ndi madzulo mpaka ana anayamba kudandaula. Wotsala anadya nkhumba.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti a Kamwendo anaisandutsa nkhaniyi chida cha ndale. Pa msika akamatsutsana ndi anzawo ankati, "Chipani chanucho chikufuna kukonza dziko ngati m'mene mayi aja anakonzera injini." Anthu a zipani zonse ankaseka limodzi. Ndikuganiza kuti chaka chimenecho chinthu chokha chimene anagwirizanapo ndi ineyo.

Phunziro ndinalitola. Makaniko akatseka bowo ndi sanza, sanzayo ili pa ntchito, ngakhale ide bwanji. Injini sindiikhudzanso, ndimangoima patali n'kumalangiza.

Komabe pali kanthu kamodzi kamene a Kamwendo amakadumpha akamafotokoza. Ku Lilongwe kuja, mkulu woyendetsa makina osalazira anaizungulira buloko ija kawiri, n'kufunsa kuti anaitsuka ndani. Nditaloza pachifuwa panga, anapukusa mutu n'kunena kuti yaonongeka ndithu, koma chiyambire ntchito yake sanalandirepo buloko yoyera ngati imeneyo.