Tsiku limene ndinasanduka mpweya wa padzuwa

Anzanga, kufunsira mkazi utakalamba ndi ntchito. Ine zaka zanga zambiri zinathera ku Joni, ndikusesa pamalo pomwe azungu amapimira dzuwa. Kumeneko ndinaphunzira kuti kunja kwa dzuwa kuli mpweya wotentha wothamanga koopsa, ndipo ukamwaza kuwala kwake kukhala mitundu ngati utawaleza, timizere take timasendera ku buluu mpweyawo ukamabwera, kofiira ukamathawa. Malemu mkazi wanga ndikamamuuza zimenezi ankangoti "eya bambo" uku akusenda nandolo, ine n'kumati ndine namatetule.

Ndiye nditakwera shapa, kaminibasi kakwathu, kupita kunyanja ya Chiuta kukafunsira Abiti Saidi, mayi wamasiye woyanika nsomba, ndinati ndikaonetse nzeru. Mchimwene wawo, Che Amadu, anabwera kudzaona ngati mutu wanga ukuyenda bwino. Ine ndinatulutsa katoni yoboola, m'kati muli sidi yakale ya nyimbo, yoti izimwaza kuwala.

"Choyamba tiphimbe dzuwa, kutsale m'mbali mokha," ndinatero, n'kumangirira chivundikiro cha poto wa Abiti kunsungwi, Che Amadu n'kuimirira nacho ngati mbendera. Mpweya osaoneka! Utawaleza wokha unakatera pamphuno pa Che Amadu.

Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo, si choncho? Ine ayi. Ndinati, "Mpweyawo ndikhala ineyo. Abiti, suzumirani m'katonimu, ndikamabwera muona buluu."

Ndinabwereka njinga, tochi pakamwa, dzuwa lili paliwombo, n'kuyamba kupalasa.

"Mukuona chiyani?"

"Ndikuona nkhalamba."

Ndinati vuto ndi liwiro, ndiye ndinakayambira pamtunda penipeni. Abale, bwanji mwini njinga sananene kuti mabuleki ake ndi chidendene? Ndinadutsa Che Amadu ngati sitima ya ku Entre Lagos, ndinalowa pansi pa thandala la nsomba, ndinatulukira uko nditasenza matemba kumutu, mpaka thii m'matope a m'nyanja, tochi ikuyakabe.

Ndipo mukudziwa chimene ndinafunsa ndili m'matopemo? "Buluu uja anaoneka?"

Che Amadu anatsitsa nsungwi mwaulemu wonse. Abiti anandipukuta kumaso ndi nsonga ya kapulana, chitenje chawo, ine mtima n'kuti myaa, ndikuti basi ukwati watheka. Kenako anafunsa motsitsa mawu:

"Pepanitu bambo, kodi malemu aja anapita ndi matenda, kapena kutopa?"

Ndinabwerera kwathu ku Insaca ndekha, ndikununkha matemba mpaka amphaka kundiperekeza. Kuyambira tsikulo dzuwa ndimangoliwothera, mpweya wake uthamange wokha.