Onse Anayankha Kuti Inde

Mpaka lero, anzanga amene tinkagwira nawo ntchito akafuna kundiseka amangoti, "Asisitala, kiyi muli nayo?" Ine ndimaseka nawo, koma makutu amatentha. Zinachitikira pa kachipatala kathu ka m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, chaka chotsatira pamene nyanja ija inaphwa, madzi atayamba kubwerera.

Ine ndinali namwino wamkulu pamalopo (wamkulu wa anthu atatu, koma ukulu ndi ukulu). Panali Abiti Musa, mzamba amene anayamba ntchito ine ndili ku pulayimale, a Namakhwa olemba mankhwala, ndi Che Yusufu otsuka mabala. Ndinali nditangobwera ku kosi ya masabata awiri ku Zomba, komwe anatiphunzitsa kuti namwino asamachite chinthu chifukwa choti "timatero kuyambira kale", koma chifukwa kafukufuku wasonyeza kuti chimathandiza wodwala. Anatipatsanso katoni ya mabuku ndi fomu ya mafunso khumi, yoyezera ngati malo a ntchito amathandiza anthu kugwira ntchito motero. Pomaliza ametironi a ku boma analengeza kuti chipatala chimene chichite bwino ndi chomwe azitumizako ophunzira unamwino. Ophunzirawo ndinkawafuna ndi mtima wonse. Anzathu a m'tauni ankatitcha "a ku matemba", ndipo ndinalumbira kuti ndiwatseka pakamwa.

Choyamba ndinakakhometsa kabati yagalasi ku Songani, yokongola kuposa ya m'nyumba mwanga. Ndinaiyedzamiritsa kukhoma, mabuku ndinawandanda mwadongosolo, ndikukiya. Musandiweruze msanga. Che Yusufu manja awo ankakhala ofiirira ndi jivi wopaka pamabala kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, ndipo a Namakhwa akabwereka bolopeni sinkabwerera. Kiyi ndinaimanga pa kachingwe, ndikuivala m'khosi.

Patapita miyezi, inafika nthawi ya fomu ija. Ndinaphika tiyi wamkaka, ndinagula zitumbuwa, ndikuwaitana onse atatu. Aliyense ndinamupatsa pepala lake ndi manja awiri, monga ndinaleredwera. Ndinawauza kuti asalembe maina (ngati kuti zolemba za anthu atatu zingandisokoneze), kenako ndinakhala pampando pomwepo, ndikuwamwetulira mowalimbikitsa. Kodi mabuku mumawapeza mukawafuna? Inde. Kodi mumapatsidwa nthawi yowerenga? Inde. Kodi mumakambirana zomwe mwawerenga? Inde. Mapepala onse atatu, kuyambira pamwamba mpaka pansi, panalibe ayi ngakhale mmodzi. Ndinasangalala moti tsiku limenelo ndinayenda ngati sindikuponda pansi. Kalata yoitana ametironi ndinailemba masana omwewo.

Anabwera Lachinayi, mpunga wa ku Likangala uli pamoto, dilesi langa loyera litasitidwa kawiri. Ametironi anali mayi wofatsa, wa magalasi otsikira pamphuno. Anawerenga mapepala aja ali phee, kenako anatembenukira kwa mzamba wathu.

"Abiti, buku lomwe mwawerenga posachedwapa ndi liti?"

"Ife amayi, mabuku timaaona ndithu," anatero Abiti Musa, maso ali pansi. "Tsiku ndi tsiku timaaona. Pagalasipo."

"Nanga munalemberanji kuti inde?"

"Aa, amayi! Asisitalawa anatininkha pepala ndi manja awiri, tiyi wamkaka ali patsogolo. Munthu wakulemekeza chomwecho ungamuyankhe ayi? Ife kwathu sitinaleredwe choncho."

"Komanso anali atakhala pompo," anawonjezera a Namakhwa, amene panalibe anawafunsa.

Ndinaseka mokakamiza. Ndinati sizovuta, mabuku alipo, ametironi adzionere okha mmene tawasamalira. Ndinakoka kachingwe kaja, kanakodwa m'tsitsi, ndinalimbana nako pamaso pa bwana mpaka kachipewa kanga kanagwa. Nditatsegula kabati ndinasankha buku lalikulu kuposa onse, ndikulipereka mwaulemu. Ametironi atalitsegula, dothi linakhuthukira pa nsapato zawo. Chiswe chinali chitalowera kukhoma, kuboola thabwa lakumbuyo, ndikudya masamba, kusiya zikuto zokha zili chilili. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

"Komabe alipo amene amawerenga," anatero Che Yusufu motsitsa mawu. Ametironi anakhosomola, koma ine ndinaona kuti akubisa phwete. Mpunga anadya, anayamika, ndipo ophunzira a chaka chimenecho anapita kwina. Ndinalira, sindibisa.

Koma ine si munthu wogonja. Anapulumuka mabuku anayi, ndipo ndinawaika patebulo, poyera. Lachitatu lililonse masana, odwala akachepa, tinkakhala pansi pa mtengo wa mango ndikuwerenga mokweza, mosinthana. Tsiku lina tinawerenga kuti mwana akangobadwa aikidwe pachifuwa cha mayi ake ndi kuyamwa nthawi yomweyo, kusamba kudikire. Ine ndinkalamula kuti ayambe wasambitsidwa. Abiti Musa anangoseka.

"Ife tinaziona kalekale kuti ana otero sazizidwa. Timapanga zomwezo inuyo mukatuluka."

Ndinachita manyazi, komanso ndinanyadira. Ndinali ndi katswiri pakhomo, ine osadziwa. Pofika kumapeto a chaka masamba a mabuku aja anali ndi zidindo za zala zofiirira paliponse, ndipo sindinadandaule (chabwino, ndinadandaula kamodzi).

Fomu tinaibwerezanso. Ulendo uno kunalibe tiyi. Aliyense anatenga pepala lake kukalembera kwawo, ndikudzaliponya m'katoni ine ndili ku sikelo ya ana. Amayi inu, ma ayi ake! Nthawi yowerenga ndi yokwanira? Ayi. Mabuku atsopano amabwera? Ayi. Zipangizo zoyesera njira zatsopano zilipo? Ayi, ndipo wina anachita kudula mzere kunsi kwake kawiri. Ndinatumiza mapepalawo ku boma osafufuta kanthu. Ametironi anayankha kuti m'boma lonse aka kanali koyamba kulandira fomu yonena zoona, ndipo malo amene anthu amatha kunena kuti ayi ndiwo oyenera kuphunzirirapo. Chaka chotsatira ophunzira awiri anatsika pa matola ndi zikwama zawo, kudzaphunzira kwa ife a ku matemba. Ndinawalandira ngati alendo a ukwati.

Phunziro ndinalitola: osayeza anthu uli chikhalire pamaso pawo. Koma pali funso limodzi, lomaliza, lomwe onse atatu anayankhanso kuti inde: "Kodi mkulu wanu amamva maganizo a anzake?" Mwamuna wanga amati kumeneko kunali kuleredwa bwino chabe. Ine ndimati ayi, apo pokha ananena zoona, ndipo nkhaniyo sindifuna kumvanso maganizo a munthu.