Nguluwe ya a Hollins pa chinkhoswe cha Chisomo

Anzanga, mukundidziwa, ine si munthu wa makani. Koma za chitenje chija sindipepesa, ngakhale mundiseke mpaka chaka chamawa.

Ndimasamalira okalamba m'nyumba zawo ku Rotherham, ndipo mmodzi mwa iwo ndi agogo ena achizungu, a Hollins. Nditangomva dzinalo ndinadabwa, chifukwa amuna anga, bambo a Chisomo, nawonso ndi a Hollins, a ku Thyolo. Kodi kwathu Phiri akakumana ndi Phiri mnzake pa depoti, amayamba afunsana za ubale? Ndi abale basi. Ine ndinangoti Mulungu wandipezera apongozi kunja kuno.

Pabalaza pawo pali chishango chojambulidwa pakhoma, ngati chija cha pa pasipoti yathu, koma chawocho chili ndi mutu wa nguluwe, mano ali panja. Nditafunsa anati ndi chizindikiro cha banja lawo. Banja lawo, ndiye lathu, si choncho? Mwana wathu Chisomo anali pafupi kuchita chinkhoswe ku Manchester, nsalu ya mbali yathu tisanasankhe. Ndinatulutsa foni, kujambula, kutumiza kwa mayi wina wa kumpingo amene amadinditsa zitenje. Pa keke chomwecho, pa makadi chomwecho. Kenaka, poti ulemu ndinaphunzitsidwa, ndinawaitana agogowo ngati mbale wa bambo a mwana.

Anabweradi, pa njinga yawo ya olumala, akukankhidwa ndi mwana wawo Helen. Anafika nthawi ya perekaniperekani, azimayi tili pamzere tikuvina molunjika kutsogolo. Tsono wodinda uja anaika chishango pakati penipeni pa chitenje, ndipo inu mukudziwa pamene pakati pa chitenje pamagwera munthu akamanga. Chimene agogo anaona polowa ndi nguluwe ya makolo awo, holo yonse, ikugwedezeka kumbuyo kwa azimayi a kwaya.

Helen anandikokera pambali, foni ili m'manja. Sanakweze mawu, ndipo ndinena monga ananenera. Anati chizindikiro chotere si cha aliyense wa dzinalo. Chinaperekedwa kwa munthu mmodzi, agogo a bambo ake, ndi ofesi ya ufumu ku London, ndipo chimatsika ngati cholowa mwa ana a munthu ameneyo basi. Ngakhale a Hollins ena a ku Mangalande konkuno alibe nacho gawo. Anatinso wantchito wojambula zinthu m'nyumba ya wodwala amayenera kunenezedwa kwa mabwana ake, ndipo azimayi avule nsaluzo.

Viza yanga ili m'manja mwa ntchito imeneyo. Ndinatsinzina, kupemphera pang'ono, koma potsegula maso pakamwa panatuluka zina.

"Za kujambulazo ndalakwa, mukandinenere. Koma pa chinkhoswe cha mwana wanga sindivula chitenje. Kwathu dzina sitikoloweka pakhoma. Timavina nalo, timalira nalo maliro."

Kuti nditsimikize, ndinakodola bambo a Chisomo kuti adzafotokoze pamene mzere wathu unasiyanirana ndi wa agogowa. Anabwera akukanda m'mutu, n'kuyankha m'Chichewa, chapansipansi.

"Mayi a Chisomo, musandiike pamoto. Agogo anga anali a Mbewe. Dzinali analiwerenga pa katoni ya sopo akupita kukalembetsa ku migodi ya ku Joni, ati linkamveka bwino."

Zaka zonsezi m'banja, osandiuza! Helen anafunsa kuti akuti chiyani. Ndikanatha kunena kuti akupereka moni. Koma ine mawu a munthu sindipotoza, ndinamasulira onse, ndi katoni yomwe.

Agogo anaseka mpaka kutsokomola, ine n'kuyamba kuwasisita kumsana mwachizolowezi, nguluwe yawo ili m'chiuno mwanga. Atapuma anati kutipatsa chizindikirocho sangathe, malamulo sawalola ngakhale iwo eni ake. Koma anati chakhala pakhoma chikudya fumbi kuyambira ali mwana, ndipo sanachionepo chikuvina.

"Helen, bweza foniyo m'chikwama. Funsa ngati yatsalako nsalu ina."

Inatsalako. Tinawafunditsa pa mawondo, azimayi n'kuwakankhira pakati pa bwalo, nthungululu zili pakamwa. Helen anandiuza kuti ndifufute chithunzicho iye akuona, ndinafufuta, ndipo Lolemba ndinapita kuntchito ngati kale.

Ndinalumbira pamaso pa Mulungu kuti cha pakhoma pa munthu sindidzajambulanso, ngakhale kalendala. Koma chitenje ndimavalabe, ndipo wofuna kundivula abwere. Akamadzakwatiwa mng'ono wake wa Chisomo, ndawauza kale bambo ake kuti pa nsalu tidzadinda katoni ya sopo. Imeneyo ndi yathuyathu, ndione amene adzatiletse.