Dzinkambani wa Mifunda Iwiri

Mwambi umene ndikufuna muudziwe lerowu unayamba motere, ndipo unayamba ndi munthu wa mfunda wathu womwewu. Manja asaime, ana inu, fodyayo azisokedwa. Mundibwereke makutu okha.

Mwandifunsa kuti bwanji kusukulu kwanu a Mbewe mwadzaza kalasi pomwe simudziwana n'komwe. Mfunda ndi wotero. Masiku ano mumangolemba dzina la bambo, koma kale ife Achewa mfunda tinkauyamwa kubere. Mayi akakhala Nambewe, ana ake onse ndi a Mbewe. Mudzi ukagawikana, ena kulowera ku Dowa, ena ku Kasungu, ena mpaka kuwolokera ku Chipata, mfunda ankapita nawo, poti sulemera kunyamula. Amayi anga ankati dzinali linachokera ku mbewa, n'chifukwa chake akale athu kanyamako sankakalawa. Kaya n'zoona, ine ndinangomva. Koma zoti sankadya ndinaziona ndi maso angawa.

Tsono kunali mnyamata wina dzina lake Dzinkambani. Ankakhala patsinde pa phiri cha ku Ntcheu uko, kumene Achewa ndi Angoni anasakanikirana ngati chimanga ndi nyemba m'munda umodzi. Mayi ake anali Nambewe. Bambo ake anali Mngoni wa chiwongo cha Ngozo. Paja Angoni amati mwana ndi wa bambo, ife timati mwana ndi wa mayi. Ndiye mnyamatayu anabadwa ndi mifunda iwiri.

Makolo ake anamwalira iye akadali kamwana. Anamulera ndi atsibweni ake, a Chakhaza, mlongo wawo wa mayi ake, munthu wofatsa woyenda chotsimphina. Koma tsidya la dambo kunalinso azakhali ake, a Nangozo, mlongo wawo wa bambo ake, mayi wa mawu ngati lipenga. Awiriwa akakumana moni wake anali wapamphuno, chifukwa aliyense ankati mwanayo ndi wake.

Akadya kwa atsibweni, iwo ankamusisita mutu. "Idya, Mbewe."

"Wawa," iye ankatero.

Akawoloka dambo, azakhali ankamulandirira patali. "Wabwera Ngozo wanga! Taona nthitizi. Akukumana chakudya eti Achewawo?"

"Wawa."

Musati anali wadyera, ayi. Vuto lake linali mtima wofewa. Munthu akamuyang'ana mwachikondi, mawu oti ayi ankamukakamira pakhosi.

Atakula, anaona mtsikana wina akuvina chimtali, dzina lake Ndaziona, wa mudzi wa kuseri kwa phiri. Anakondana. Tsiku lina mtsikana uja anati, "Mubwere kwathu akakuoneni."

Anapita. Anamuyalira mphasa pakhonde, amayi a Ndaziona n'kukhala chapatali, n'kufunsa funso lomwe mlendo aliyense ankafunsidwa masiku amenewo.

"Kodi ndinu ayani, bambo?"

Mawu oti Mbewe anali atafika kale pa lilime. Pomwepo mayi wina wa nyumba yoyandikana anafuula kuseri kwa mpanda, "Anambewe, tandibwerekaniko lichero!" Ndipo amayi a Ndaziona ndiwo anayankha.

Dzinkambani anawabweza mawu aja. Mukudziwa chifukwa chake. Mbewe sankakwatira Nambewe. Ngakhale wina achokere kumpoto wina kumwera, agogo awo asanaonanepo, ameneyo ndi mlongo wako basi.

"Ngozo," anatero.

Bambo a Ndaziona, omwe anali a Chisale, mkamwini wakale pamudzipo, anadzuka ndi chimwemwe. "Ngozo! Mulungu wandikumbukira. M'mudzi muno onse ndi a Mbewe, mbewa ndimadyera kuseri kwa nkhokwe ndekhandekha ngati mfiti. Lero ndapeza mnzanga!"

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mpani wa mbewa zowamba, n'kumusankhira yonona. Dzinkambani chibadwire anali asanaigwirepo. Anaiyang'ana, nayo inkangokhala ngati ikumuyang'ana, timano tili panja. Anatsinzina n'kuluma.

"Nanga misoziyo?" anafunsa a Chisale.

"Tsabola."

"Mulibemo tsabola umo, ndi mchere wokha."

"Ndiye mchere wa kuno ndi waukali."

"Tengani ina, muzolowere."

Anadya zitatu. Potsanzikana, amayi a Ndaziona anati, "Takuonani. Loweruka mubwere ndi ankhoswe anu, tidzamve kwa akuluakulu."

Mnyamata sanapite kunyumba, anadzera kwa azakhali. Atawafotokozera, a Nangozo analulutira mpaka nkhuku zinabalalika. "Ndinkadziwa ine kuti magazi adzaitana! Unkhoswe umenewu ndi wanga. Wotsimphina uja asamve."

Koma nkhani ya ukwati siibisika. Pofika kunyumba anapeza atsibweni ake atachapa jekete lawo limodzi lomwe lija, ataliyanika pa mpanda, ndipo akazi awo akusefa ufa woti akapereke kuchipongozi.

"Ndamva, mphwanga," anatero a Chakhaza, maso ali mbee ndi chimwemwe. "Amayi ako pomwalira anandigwira dzanja ili. Ndinakulera kudikira tsiku limeneli. Mwendo uwu ngakhale ukane, phirilo ndikwera. Mtsikanayo ndi Nachiyani?"

Dzinkambani anayang'ana jekete lija likudontha madzi. "Nachisale," anatero.

Mwaona? Tsopano mtsikana nayenso anamuveka mfunda wa bambo.

Usiku wonse anaganiza, ndipo nzeru imene anaipeza ndi iyi. Njira ya kuseri kwa phiri inkadutsa pamalo pamene panali mapanga awiri oyang'anizana, pakati pake pali khwawa louma. Anati akawasiya atsibweni m'phanga limodzi kuti apumule, iye akatengane ndi azakhali kudzera njira ina, akamalize zaukwati, kenako adzawatenge atsibweni. Zoti adzawauza chiyani sanaganize. Anati mawu adzapezeka m'njira.

Loweruka linafika, kunja kutatentha kuyambira m'mawa. Anakwera pang'onopang'ono, a Chakhaza ndi ndodo yawo, mnyamata atasenza dengu la ufa. Atafika pa phanga loyamba anati, "Atsibweni, pumulani muno. Ndikaone kaye ngati akonzeka."

"Pita, Mbewe. Usachedwe."

Anazungulira thanthwe n'kukapeza azakhali akumudikira pa mphambano, atavala mikanda yawo yonse. Sanayende patali, kumwamba kunada bii. Mphepo inawomba, madontho akuluakulu n'kuyamba kugwa. A Nangozo, poopa kuti nsalu yawo yatsopano inyowa, anathamangira phanga lomwe linali pafupi. Linali lachiwiri lija, loyang'anizana ndi la atsibweni.

Mvula inagwa ngati kumwamba kwabooka. Dzinkambani anali pouma, ufa uli pouma. Akanangokhala phee, bwenzi lero tilibe mwambi. Koma mtima unayamba kumuluma. Nkhalamba ija ili yokha, yopanda moto, mwina ikuganiza kuti mphwake wakokoloka.

"Azakhali, ndipite kuseriku pang'ono."

"Mvula yonseyi? Nanga dengulo ukupita nalo kuti?"

"Ndifunde kumutu."

"Kufunda ufa? Nzeru za kuchikazi kwanu izi!"

Anatuluka, anadumpha khwawa lomwe linali litayamba kuyenda timadzi, n'kukwera kulunjika phanga la atsibweni. Atatsala pang'ono kulowa, anaima ngati waona njoka. M'katimo a Chakhaza sanali okha. Ndaziona ndi amayi ake anali atakwera phiri kukazula bowa woti adyetse alendo, mvula n'kuwathamangitsira momwemo.

Anayamba kubwerera chambuyo, koma atsibweni anali atamuona kale.

"Mbewe! Lowa msanga, Mbewe iwe!"

Mawu aja anawoloka khwawa n'kukawapeza a Nangozo. Anasuzumira. "Ndani akutchula mwana wa mlongo wanga dzina la makoswe? Ngozo! Bwerera kuno!"

"Mbewe!"

"Ngozo!"

Dzinkambani anaima pakati. Akavomera Mbewe, Ndaziona wapita. Akavomera Ngozo, wamubaya munthu amene anamulera, pamaso pa alendo. Anaponda kawiri kulowera uku, kawiri kulowera uko, kenako anawerama n'kuyamba kufufuza m'udzu ngati wataya kanthu.

"Ukufuna chiyani pamenepo?" anakuwa azakhali.

"Singano!"

"Unali nayo singano iwe?"

Uku dengu linali litadzaza madzi. Ufa unasanduka phala, n'kuyamba kutsika m'mabowo, kudzera m'tsitsi, m'makutu, mpaka m'khosi. Munthu anayera mbuu, maso okha ndiwo ankaoneka.

M'phanga muja amayi a Ndaziona anatembenukira kwa a Chakhaza. "Pepani bambo, mukuitana ndani Mbewe? Uyo ndi Ngozo. Lero lomwe akubwera ndi ankhoswe kudzafunsira mwana wangayu."

"Mwana wanuyu? Inu ndinu ayani, mayi?"

"Nambewe."

A Chakhaza anayang'ana mtsikana, anayang'ana mphwawo ali zyoli pamvula, ndipo zonse anazimvetsa.

"Ine ndine atsibweni ake," anatero motsitsa. "Amayi ake anali Nambewe. Bambo ake ndiwo anali Ngozo. Akufuulawo ndi azakhali ake."

Ndaziona anaphimba nkhope n'kuyamba kusisima.

"Ndiye tithetse pompano," anatero amayi aja. "Mwana wanga sangakwatiwe ndi mlongo wake."

"Kwanu kwenikweni n'kuti?"

"Agogo athu anachokera ku Dowa."

"Ife kumeneko sitinapondeko."

"Ngakhale. Mfunda ndi umodzi. Malinga inu mukumuitana Mbewe, kwa ine ndi mwana wanga, si mkamwini."

"Malinga ndikumuitana," anabwereza a Chakhaza.

Anadzuka ndi ndodo yawo, n'kukaima pakhomo pa phanga, mvula ikuwawaza jekete lija. Kenako analankhula mokweza kuti ndi tsidya lomwe amve.

"Anangozo! Mukundimva? Mwana uyu ndamusunga kokwanira. Mlamu wanga anali munthu wabwino, ndipo anapita asanamuitanepo mwana wake ndi chiwongo chake. Lero ndikumubweza. Munda wa amayi ake azilimabe, pakhomo panga azidyabe, koma dzina tengani."

Tsidya lija a Nangozo analulutira.

Ndiye a Chakhaza anatembenukira kwa mnyamata.

"Ngozo! Lowa, Ngozo iwe, ungadwale."

Amayi a Ndaziona anapukusa mutu, koma akumwetulira. "Mwini mbumba mwamupereka nokha, azakhali ake akumva. Ine ndingawonjezerenji? Auzeni akamwiniwo alowe."

Dzinkambani anagwada m'matope momwemo n'kuwomba m'manja, misozi ikusakanikirana ndi phala. Anadzuka, anathamanga, anafika pakhomo penipeni. Pomwepo anaimanso.

"Nanga tsopano chavuta n'chiyani?" anafunsa atsibweni.

"Anena kuti akamwini."

"Eya, si zomwe umafunazo?"

"Ndiye ndilowa bwanji? Muli apongozi."

Paja nthawi imeneyo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankakhala malo amodzi. Mukakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Nawo amayi aja atakumbukira, anakoka nsalu n'kudziphimba kumaso, n'kutembenukira kukhoma.

"Lero lokha, bambo," anatero ali chofulatira. "Mvula ilibe mwambo."

"Iyayi, amayi. Ndalakwa zambiri lero. Ichi chokha ndichite bwino."

Anatembenuka kuti athamangire kwa azakhali. Koma khwawa lija, lomwe analidumpha ngati ngalande, linali litadzaza mpaka m'milomo, madzi ofiira akugubuduza miyala ndi zitsa. Tsidya lake a Nangozo ankavina pakhomo pa phanga lawo.

"Ngozo! Bwera, Ngozo wanga!"

Kumbuyo atsibweni nawo, "Ngozo! Tangolowa, Ngozo!"

Mapanga onse awiri tsopano ankaitana dzina limodzi, koma mwini dzina analibe kolowa. Anakhala pamwala, dengu lopanda kanthu lili kumutu, akunjenjemera ngati mwanapiye, mpaka mvula inakata yokha.

Ukwati unachitika ndithu, ngakhale unadikira kaye kuti chifuwa chimusiye. Ankhoswe anali awiri, a Chakhaza ndi a Nangozo, ndipo anakangana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ana a Dzinkambani ndi Ndaziona anabadwa asanu ndi mmodzi, ndipo poti mayi wawo anali Nambewe, pamudzipo onse ankaitanidwa a Mbewe. A Chakhaza akawaona ankangoseka chamumtima.

Koma chimene anthu anasunga ndi cha tsiku la mvula lija. Dzuwa litatuluka, nkhalamba ija inatsika mwakachetechete, inavula jekete lake n'kumufunditsa mnyamata, n'kuthyola kamtengo n'kuyamba kumupala phala m'makutu.

"Ukanandiuza pakhomo paja, bwenzi ufawu titadya," inatero. "Taona, azakhali ako ndi ouma gwa, ine ndili gwa, apongozi ako ali gwa. Wanyowa ndiwe wekha, mwini mapanga onse awiri."

Amayi a Ndaziona, akadali chofulatira m'phanga muja, anaseka mpaka bowa anatayika m'lichero, n'kunena kuti, "Zoonadi, bambo. Mapanga awiri avumbwitsa."