Makalata a Namukopwe Anyowa

Lolemba

Mayo ine! Ndikulemba m'kope langa lakale la kusukulu, chifukwa ndikangouza munthu, pofika madzulo mudzi wonse wamva.

Amalume a Wayisoni abwera m'mamawa, jekete pathupi ngati kuli maliro. Akuti Loweruka kukubwera mayi wina wa ku Zomba, wogwira ntchito kosungira mapepala akale a dziko. Wakhala akufufuza makalata a gogo wathu wakalekale, a Namukopwe. Ena anawapeza komweko m'mashelefu, ndiye wamva kuti otsala ali kuno, m'bokosi lachitsulo. Bokosilo lili kuchipinda kwanga!

Akuti a Namukopwe anali wandale wamkulu nthawi ija azungu ankadula malire pa Muloza. Ndiwo ankayankhulira anthu athu, uku kwa Apwitikizi, uku kwa Angelezi. Ine ndimayesa wandale ndi wogawa zitenje. Kani analiko kale.

Bokosilo analisiya kuno chifukwa pa mbumba yonse nyumba ya malata ndi yathu yokha. Kiyi amasunga okha. Atangochoka ndalikoka kuti ndisese. Pansi madzi! Pachivundikiro dzimbiri laboola, chala chikulowa. Ndayang'ana kumwamba. Dontho, ndendende pamenepo.

Denga limeneli anakhoma ndi amuna anga, bambo a Tiya, malata akale ogula ku Muloza, mabowo a misomali n'kumata ndi pulasitiki wosungunula.

Vuto ndi ili. Bambo a Tiya ndi mkamwini pano, kwawo ndi ku Milonde. Amalume anawachenjeza mbuzi zathu zitadya chimanga chawo, n'kuwachenjezanso atachedwa kokumba manda. Anati, "Mukadzalakwanso, mudzangotenga njinga yanu." Sanama munthu uja. Mwamuna wa achemwali a Esinati anamuthamangitsa chaka chatha, nkhani yake nkhwangwa basi. Tiya sanayambe n'kuyenda komwe. Ndimulera ndi ndani?

Ndamasula mahinjesi ndi sipanala ya njinga. Mkati mapepala omanga ndi chingwe, amatana ngati chigumu chosapsa.

Zochita:
kuyanika ngati makaka a chinangwa
kubwezera
kumanga mahinjesi
kutseka pakamwa

Bambo a Tiya ndawauza atabwerako ku kabaza, kokweza anthu panjinga. Akuseka. Munthu ameneyu akachita mantha amaseka. "Amake Tiya, mawa ndikwera padenga."

Lachiwiri

Sanakwere. Akuti lero la msika.

Dzuwa kulibe. Chiperoni! Phiri silikuoneka, ngakhale chimbudzi chathu chikuoneka mwa apo ndi apo.

Ndayala mphasa kuchipinda, ndikumatula limodzilimodzi ndi mpeni wosendera chinangwa. Ena akumatuka. Ena akusiya zilembo pa mnzake. Muli Chipwitikizi, muli Chingelezi chopendama ngati udzu wa pamphepo, muli zija amalemba Asilamu zoyambira kumanja. Dzina la Namukopwe ndikuliona m'munsi. Zinthu zinalembedwa agogo anga asanabadwe, chiswe chinalephera, nkhondo zinalephera, n'kudzaonongekera kuchipinda kwa ine!

Ndangotuluka kukatenga nkhuni. Pobwera, Tiya ali pakati pa mphasa, tsaya lotupa. Ndapisa chala mkamwa. Ngodya ya kalata! Lilime lakuda bii. Ndamumwetsa madzi, ndamuyamwitsa, n'kudikira kuti mwina asanza. Iye akungoseka ngati bambo ake.

Kenako, "Odi!" A Esinati, kudzabwereka lichero. Ndaima pakhomo ngati ndine chitseko. Ndati bambo a Tiya agona, malungo. Iwo, "Malungo? Nanga amene ndakumana nawo pamsewu atakweza mayi ndi thumba la makala ndi ndani?" Ndati mwina mng'ono wawo. "Ali ndi mng'ono?" Maso ali kuseri kwa phewa langa. Chichokereni mwamuna wawo, safuna kuona mnzawo ali naye.

Mapepala sanaume. Mphasa ndiyo yanyowa.

Lachitatu

Dzuwa! Ambuye ndi abwino!

Msangamsanga ndanyamula zonse m'beseni, pamwamba ndaphimba matewera a Tiya kuti asafunse munthu. Kuseri kwa nthochi kuli mwala wafulati woyanikapo makaka. Ndayala, lililonse ndapsinja ndi kamwala. Timiyala tatha, mapepala asanathe. Ndati otsalawa ndiwayang'anira ndi maso.

Maso sapsinja pepala.

Mphepo yatsika m'phiri mosaodira. Fuuu! Makalata a wandale ali m'mwamba ngati akakowa. Ine liwiro, mwana kumsana, chitenje chikumasuka. Limodzi ndaligwira pa nandolo. Lina nkhuku ikulijompha. Lina lakakamira mumtengo wa mapeyala, ndaligwetsa ndi nsungwi, latsika lili pawiri. Lina lalunjika kumtsinje. Ndalowa mpaka m'mawondo. Ndalipeza, koma zilembo zatsala m'madzi. Pepala loyera ngati silinalembedwepo. Kaya munali mawu anji. Pepani agogo.

Pokwera mtunda, a Esinati ali chilili m'munda mwawo, khasu paphewa. "Masiku ano mukuthamangitsa agulugufe?" Ndati ndi mapepala a kusikelo kwa mwana. "Mwana mmodzi, mapepala beseni?"

Ndisanatolere a pamwala aja, mvula. Anyowa kuposa Lolemba.

Bambo a Tiya sanakwere. Akuti malata akuterera, kodi ndikufuna ndikhale wamasiye? Ndati wamasiye anthu amamumvera chisoni, wothamangitsiridwa mwamuna amangomuseka. Aseka. Ine sindinaseke.

Lachinayi

Nzeru zatsopano. Moto!

Ndatereka nyemba za kalongonda, poti zimaphikidwa tsiku lonse ndipo palibe angadabwe utsi. Mapepala ndayala pansanja pamwamba pa moto, pomwe timaumitsira mbewu. Chimene sindinaganize: mphika ukuwira, nthunzi ikupita komweko. Pansi pakuuma, pakati pakunyowa, m'mbali mukupindika ngati masamba a fodya. Mtundu wasanduka wa mlamba wowamba.

Dzuwa lili pamutu, chifuwa panja. Ndikuchidziwa chifuwa chimenecho. Amalume!

Ndaponya lichero lina pamwamba pa nsanja. Alowa m'khitchini momwe, akuti kunja kukuzizira, fungo la kalongonda alimvera kumsewu. Akhala pampando. Pansi penipeni pa nsanja! Chipewa chawo ndi makalata, pakati pake chikhatho chimodzi.

Ndipo ayamba mbiri. A Namukopwe anayenda wapansi mpaka kunyanja yamchere kukadandaula za anthu athu ogwidwa mtengatenga. A Namukopwe sankagwada pamaso pa mzungu. "Mapepala amenewa, mwana wa mlongo wanga, ndinalandira kwa amalume anga opanda banga. Loweruka boma lidziwa kuti mbumba ino ndi ndani."

Ine ndikungoti eya, eya, maso kumwamba. Pepala limodzi likutsetsereka pakati pa nsungwi. Pang'onopang'ono. Lalendewera pamwamba pa chipewa. Ndakuwa, "Njoka!" n'kuloza pakhomo. Amalume kudumpha kwake ngati mnyamata. Ndalikoka, ndalibisa pachifuwa, likutentha.

Asaka njokayo ndi ndodo mpaka kukhola. Kenako afunsa, "Akamwini ali kuti? Udzu wonsewu pakhomo, njoka zilekerenji?"

Ndawawonjezeranso mlandu bambo a Tiya ndi pakamwa panga. 

Lachisanu

Mawa ndi mawa.

Mapepala auma, koma akwinyika ngati nkhope ya nkhalamba, sakulowanso m'bokosi. Ndabwereka simbi ya makala kwa mayi atelala. Ndati ndikusita malaya a alendo.

Loyamba, tambalale. Lachiwiri, bwinobwino. Ndayamba n'kuimba komwe. Kenako lija lokhala ndi chidindo chofiira chonga phula. Chasungunuka! Chamatirira kusimbi, ndipo ndachipaka pa makalata ena awiri ndisanazindikire. Pofuna kupemerera makala, kakhala kamoto kagwera pa lina. Bowo, pakati penipeni pa Chingelezi.

Ong'ambika ndamata ndi phala la ufa wa chinangwa, ngati tinkamatira mabuku kusukulu. Lagwira bwino. Nyerere nazonso zamva. Mzere kuchokera pakhomo mpaka kumphasa.

Zomwe zilipo tsopano:
osita bwino, ambiri ndithu
ofiira
lobowoka
loyera lija la kumtsinje
lodyedwa ndi Tiya
la nkhuku

Ndaika abwino pamwamba, oipa pansi, monga timachitira ndi tomato pamsika. Ndamanga chingwe, ndabwezera mahinjesi. Bowo la pachivundikiro ndayalapo kansalu ndi maluwa apulasitiki.

Ndikupuma kumene, padenga gu! gu! gu! Bambo a Tiya! Sabata yonse osakwera, akwera lero masana, mudzi wonse ukuona. Ndawanong'oneza mokuwa kuti tsikani. Akuti, "Si munkafuna ndikwere?" Akhoma chigamba cha lata latsopano, chowala ngati galasi. Ukaima kumsewu chimachita kukuitana.

A Esinati adutsa ndi ndowa. "Kani kumadontha?"



Loweruka

Ndikulemba nditakhala pansi.

Mayi uja wabwera pagalimoto, waulemu, wagwada popereka moni. Watulutsa magolovesi oyera ndi kamera. Abale adzaza pakhonde. Bokosi alitulutsa bambo a Tiya, kansalu n'kugwa, bowo poyera. Amalume aliyang'ana. Apisa kiyi, atsegula.

Fungo! Utsi ndi kalongonda. Mwana wina kumbuyo wati, "Muli ndiwo?"

Mayiyo wanyamula loyamba mofatsa ngati khanda. Lachiwiri. Wafika pansi pa tomato. Watseka maso nthawi yaitali. Kenako motsitsa mawu, "Pepani, awa anawasita ndani?"



A Esinati, "Mwina tifunse denga."

Amalume adzuka, alowa kuchipinda, ayang'ana kumwamba. Atuluka, ayang'ana chigamba. Ayang'ana bambo a Tiya. Ndipo bambo a Tiya, Ambuye, ayamba kuseka!

"Akamwini. Njinga yanu ili kuti?"

Kuseka kwatha. Ndawaona akuyang'ana Tiya ali kumsana kwanga. Sindikudziwa chandidzutsa n'chiyani. Ndagwada pakati pa bwalo. Ndati denga silinadonthepo pabokosi, chigambacho n'cha pamwamba pa bedi. Ndati ndine ndinkaika ndowa yamadzi pabokosi miyezi yonseyi, ndowayo n'njothonya. Ndine ndinatsegula, ndine ndinayanika, ndine ndinawamba, ndine ndinasita. Awa sakudziwa kanthu, amachoka kusanache.

Amalume, "Ukunama iwe."

Ndati, "Funsani atelala simbi anabwereka ndani. Funsani achemwali anaona ndani akuthamanga m'munda." A Esinati pakamwa yasa, koma akana bwanji, poti anaonadi.

Ndati, "Ndithamangitseni ine, amalume. Koma mundiuze kopita. Mchombo wanga munakwirira nokha kuseri kwa khola lija."

 Mkamwini amapirikitsidwa, mwana wa mbumba amupirikitsira kuti? Amalume akudziwa, ine ndikudziwa.  Ndinkayembekeza ukali, koma m'maso mwawo muli misozi. Zimenezo ndiye zandipweteka.

Mayi uja wayesa kuziziritsa. Akuti ambiri akuwerengeka, ndipo akawaphatikiza ndi a ku Zomba nkhani ya a Namukopwe imveka. Lobowoka lija akuti ndi yankho limene wakhala akulifunafuna, bowo lili pamene pali mawu ofunika. Wapuma mozama. Wandifunsa zonse ndinachita, mwatsatanetsatane, kuti okonza akadziwe poyambira. Walemba. Phala walemba. Nkhuku walemba. Tiya walembedwanso.

Amalume alola kuti mayiyo atenge makalatawo. Akuti, "Kuno kulibe wosunga." Sanandiyang'ane.

Lamulungu

Chigamulo chabwera m'mawa, kudzera mwa amayi anga, poti amalume sakundiyankhula. Dimba langa la kumtsinje, lija ndimalimamo mpiru ndi tomato, lapita kwa a Esinati. Akuti mpaka mtima wawo utatsika. Mtima wa amalume sutsika msanga, mbuzi zija akuzikumbukabe.

Kutchalitchi aliyense wamva. Mayi wina wa kwaya wandinong'oneza, "Baibulo langa lakwinyika, mumasita masiku anji?" Atelala akufuna simbi yawo, yopanda zofiira. Abusa alalikira za bodza. Mwina zinangochitika. Ndaweramitsa mutu, koma sindinabweze mawu, ndipo sindibweza.

Podutsa kumtsinje ndaona a Esinati ali kale m'dimba, akuthyola mpiru wanga. Andipatsa moni wokoma kwambiri.

Ndiwo za lero ndi masamba a chinangwa. Za mawa chimodzimodzi.

Bambo a Tiya akuti atenga maulendo ambiri a kabaza, akuti sadzaiwala, akuti udzu wa pakhomo alambula mawa. Tiona mawalo. Panopa ali pakhonde, akhazika Tiya pachishalo cha njinga, akumugwiritsa belu. Ngili ngili, onse awiri kukamwa yasa.

Ndawayang'ana nthawi yaitali. Dimba lonse lija, la madzi chaka chonse, ndasinthanitsa ndi munthu uyu. Kaya ndapindula, kaya ndaluza.

Koma alipo.